Adula malaya a mkamwini wanga ku msasa wa alenje

Aphungu,

Kwathu mfuti timayamba kugwira tisanadziwe kumanga nsapato. Novembala aliyense banja lonse limapita ku msasa kukasaka agwape, ndipo lamulo la bambo anga ndi loti wophonya gwape amudule malaya kumunsi, chidutswacho nkuchikhomera pakhoma. Ine ndimapita ndi malaya atatu akutha, osita bwino.

Chaka chino mwana wanga Lurleen anabwera ndi Desmond, mphunzitsi wa m'tauni amene akufuna kumukwatira. Ndinamuuza za nsapato, za udzudzu, ngakhale za mankhwala a m'mimba. Za malaya ndinaiwala. Mnyamatayo, pofuna kutilemekeza, anavala malaya oyera amene anagulira tsiku la ukwati.

Gwape anaima pafupi ngati mbuzi yapakhomo. Desmond anatsinzina, nkuwombera mtengo.

Mlongo wanga Orville anasolola mpeni. "Tembenukani aphunzitsi, lero mayeso mwalakwa ndinu!" Anadula mpaka pakati pa msana. Bambo anaseka mpaka mano oikirira kugwa. Desmond anangoti, "Zikomo, malume," nkukwera galimoto msana uli pamtunda.

Tsopano Desmond akuti banja lathu silimufuna. Ukwati ndi mwezi wamawa, Lurleen sakudya. Malaya ndingasoke, ndayeza kale. Nanga munthuyo?

V.T., Demopolis, Alabama

Mayi V.T.,

Ikani singano pansi, chang'ambika si nsalu. Mnyamatayo akuganiza kuti munamuchotsa ulemu chifukwa palibe anamuuza kuti mlendo sadulidwa malaya, wodulidwa amakhala wapakhomo.

Mutengereni ku msasa tsiku lopanda kusaka, mfuti zonse zili zokhoma. Muonetseni khomalo, ndipo mutchule mwini wa chidutswa chilichonse mokweza. Sindikukayika kuti za a Orville zikhoza kukwana bulangeti. A Orvillewo agule malaya atsopano, akapereke okha nkupepesa ndi pakamwa pawo, mpeni atausiya kunyumba. Bambo anu amange mano, anene mawu amodzi okha: "Ndiwe wathu."

Koma chenjerani. Musamukakamize kubwerera kutchire kuti akachotse manyazi. Munthu wowombera atatsinzina, pamene apongozi akumuyang'ana, ndi ngozi kwa aliyense kupatula gwape. Akafuna, aphunzire kaye kwa mlangizi wodziwa za mfuti. Akakana, musiyeni azikazinga nyama. Lurleen sanapemphe mlenje, anapempha Desmond.