Njere Zachikasu M'chimanga cha Amayi

Lolemba, 4 Meyi 1953

Ndafika kwathu ku Utale, sukulu yomwe ndimaphunzitsa ili pa tchuthi. Ndapeza achemwali anga a Scholastica atakhala pamphasa, zisononkho pamwendo, nkhope ya pamaliro. Chimanga choyera cha malemu amayi, chija agogo anasenza kuchokera ku Mozambiki, chatuluka mawangamawanga. Njere zachikasu apa ndi apo.

Lachiwiri, 5 Meyi

Wolakwa ndi mphepo. A Chester, oyandikana nafe munda, anabwera ndi mbewu yachikasu kuchokera ku Joni. Ndati, "Achemwali, Chitaganya chayambira m'munda mwanu, osakufunsaninso." Sanaseke. Akuti mbewu yafa, Loweruka asinja yonse.

Chaka cha njala chija amayi ankadya gaga, mbewuyi ili patsindwi, yakuda ndi mwaye. Ukangoyang'ana kumwamba, chikoti.

Lachinayi, 7 Meyi

Ndawafotokozera achemwali zomwe ndinaphunzira ku koleji ya Makerere. Mungu ukagwa pa ndevu za chimanga, mumatsika timbewu tiwiri. Kena kamapanga kamwana, kena kamapanga kamba wa kamwanako, ufa timadyawu. N'chifukwa chake bambo wachilendo sabisala, mtundu wake umaonekera pa njere chaka chomwecho. Yachikasu ndi ya a Chester. Yoyera ikadali ya amayi.

Iwo: "Zaka zonse zija kunja, achimwene, mumakaphunzira za chigololo cha chimanga?"

Sindinakane.

Lachisanu, 8 Meyi

Mtondo atsuka kale. Ndakumbuka amayi akusankha mbewu, akuluma njere kuti amve kulimba, uku akung'ung'udza nyimbo ya Chilomwe yomwe palibe mwa ife anaigwira. Nyimbo inapita nawo. Chatsala ndi chimangachi.

Loweruka, 9 Meyi

M'mawa achemwali andiponyera lichero. "Ngati mukunama, chaka chamawa mudzadya mabuku anuwo."

Tatong'ola mpaka dzuwa kupendeka, zoyera uku, zachikasu uko. Zala zanga za choko zatuluka matuza, iwo kuseka koyamba sabata yonse. A Chester anadutsa, chipewa m'manja, kupepesa. Achemwali anawathira zachikasuzo m'chipewamo.

"Tengani ana anu, bambo. Chaka chino mukawalerere kutsidya kwa mtsinje."

Kenaka anatola njere imodzi yoyera, nkuiluma.

"Iyi ndi yathu," anatero, osandiyang'ana. "Thirani zoyerazi m'thumba, mukwere, mupachike patsindwi."