Za Chithunzi cha Malemu Sabiti pa Tsamba la Komiti

Komiti ya Chitukuko cha Dera, Chiradzulu
Tsiku: Lachinayi, 14 Ogasiti 2025
Malo: M'kalasi, pasukulu yapafupi ndi Njuli
Opezeka: Mayi Nabanda (wapampando), Bambo Mikaele (mlembi), Mayi Maluwa, Bambo Kassim, Gladson Mikaele (woyendetsa tsamba)
Osapezeka: Bambo Bonifasio, akudwala

1. Kutsegulira
Mayi Maluwa anapemphera. Tinakhala chete pokumbukira a Sabiti, akabaza amene anagundidwa ndi lole sabata yatha.

2. Nkhani ya tsamba
Wapampando anati tsamba la Fesibuku la komiti ndi lolengezerapo mauthenga a boma, monga katemera ndi fetereza, ndipo anthu amalikhulupirira. Anati Gladson anaikapo chithunzi cha ngoziyo ndi dzina la malemu akubanja asanauzidwe.

Bambo Kassim, alongo awo a Mayi Rabia, akazi a malemu, anati mayiwo anali kugulitsa tomato ku Namadzi. Mnzawo wapamsika anawaonetsa foni, iwo anazindikira nsapato za amuna awo pachithunzipo. Anati pamenepo n'kuti achibale otumidwa kukanena uthenga akadali m'minibasi.

Gladson anaimirira. Anati anadziwa kuti Asilamu sagoneka maliro, ndiye anafuna kuti akutali amve msanga, apeze mwambo. Bambo Kassim anayankha kuti: "Mwana wanga, uthenga wa maliro umayenda ndi miyendo. Amene waunyamula amayamba wakhala pansi." Gladson anapepesa. Anati chithunzicho anachotsa madzulo omwewo, koma anthu anali atatumizirana kale.

3. Chigamulo
Wapampando anapempha mlembi kuti atuluke, popeza Gladson ndi mwana wake. Mlembi anati anasankhidwa kusunga mawu a komiti ndipo sachoka. Anapempha kuti zilembedwe kuti mnyamatayu anamaliza Folomu 4, tsamba analiyamba yekha, ndipo sanalembepo bodza. Wapampando anavomera kuti zilembedwe.

Mayi Maluwa anati mwina Gladson angochenjezedwa. Bambo Kassim anati iwo sakwiya, koma mlongo wawo akamva dzina la komiti amalowa m'nyumba.

Anagwirizana kuti Gladson asiye tsamba, ndiponso kuti nkhani ya imfa kapena ngozi isaikidwepo banja lisanalole, wapampandonso asanaione. Onse anakweza manja. Mlembi anakwezanso. Gladson anaika foni ya komiti patebulo napempha kupita.

4. Zina ndi zina
Mlembi anati akapepesa yekha kusiwa pamodzi ndi mwana wake. Bambo Kassim anati ayambe adikira, akawauza nthawi.

5. Kutseka
Msonkhano wina udzakhala pa 11 Seputembala. Bambo Kassim anatseka ndi dua nthawi itakwana 4 koloko.

Wapampando: Nabanda
Mlembi: Mikaele

Mawuwa wanena ndine mlembi, alemba ndi Mayi Maluwa, chifukwa mwana wanga Gladson, amene amandilembera masiku onse, anali atapita kunyumba.