Bokosi la Efua

Lachinayi, 4 Meyi

Ekow, mdzukulu wanga uja amavina m'mabala atavala zachikazi, watsegula bokosi la zovala la malemu Efua, mkulu wanga. Masiku makumi anayi asanakwane! Ndati, "Galu iwe, nsalu zimenezo zikadali zofunda. Mwini wake sanafike n'komwe kumene akupita." Iye kuseka. "Nana, a khonsolo anawagumulira mauvuni a nsomba, mtima n'kuima. Lachiwiri a Efua akafunse okha ku khonsoloko." Ndevu ngati tonde, ati akhala Efua.

Loweruka, 6 Meyi

Wayeserera pabwalo masana. Ndevu wameta, milomo psuu, nsidze zojambula. Amayi owamba nsomba kuseka mpaka kugwirana. Ine ayi. Duku wamangira kumanzere, mfundo ziwiri. Efua anasiya kumanga choncho Ekow asanabadwe. Wamuonetsa ndani?

Lamulungu, 7 Meyi

Wadya kenke, nsima yathu yosasa ija, tsabola wakankhira uko. Ati amamuotcha pamtima. Ekow, wotafuna tsabola ngati mtedza? Wodana ndi tsabola m'nyumba muno anali mmodzi.

Lachiwiri, 9 Meyi

Lachiwiri mwambo wa kuno sulola kupita panyanja, ndiye asodzi onse anatitsata ku khonsolo. Ekow patsogolo, beseni la phulusa la mauvuni aja pamutu, akutsimphina mwendo wamanja ngati mwini nsalu. Pakhomo la khonsolo phulusa lija khuthu! "Bwana, munaiwala izi. Ndakubweretserani ndekha."

Wapolisi wina anatukula ndodo, kuyang'ana nkhope, ndodo pansi. Ndi mwana wa aneba, ananyamula nawo maliro a Efua. Anthu kukuwa, ng'oma kulira. Akuluakulu atuluka thukuta kamukamu, ati mauvuni amanganso. Onse avina. Ine maso pa mwendo wa Ekow.

Lachitatu, 10 Meyi

Wavula zonse, wasamba ndi sopo wakuda. Akutsimphinabe.

Lachinayi, 11 Meyi

M'mawa ndakoleza moto kuseri kuti nditenthe nsaluzo. Abale anene zonena zawo, ine ndikufuna mdzukulu wanga. Ndangogwira duku, Ekow watulukira. Kabudula, nkhope yopanda utoto. Wakhala pa kampando ka Efua, watambasula mwendo uja.

"Kamphuno, zimitsa motowo."

Dzina limenelo ndinalimva komaliza ndili ndi mano a mkaka. Tinkalidziwa awiri.

Ndati, "Akulu, Ekow ali kuti?"

"Watopa. Musiye agone. Mauvuni sanamangebe."

Ndatenga ndowa, ndathira madzi pamoto.