Wophika M'nyumba Muno Ndine

Okondedwa Azakhali,

Muli bwanji ku Minya? Kuno ku Cairo tilipo, kungoti tatopa. Kalatayi ndalemba ndekha, musandiseke.

Achimwene anga a Abanoub agwanso khunyu kawiri sabata ino, kamodzi akusankha zinyalala pabwalo. Mayi anapita nawo kwa ansembe katatu, anawadzoza mafuta, koma sizinasinthe. Kuchipatala atawajambula mutu anati si ziwanda ayi, ndi tiana ta njoka yam'mimba yochokera ku nkhumba, takhazikika muubongo. Achimwene anangoseka: "Bambo, paja mumati m'mutu mwangamu mulibe kanthu? Mwaonatu!"

Bambo analusa, akuti agulitsa nkhumba zathu zonse. Koma adokotala anati, "Bambo, nyama yosapsa imangoika njoka m'mimba. Zam'mutuzi zimadzera m'manja mwa munthu amene ali nayo njokayo, makamaka wophika. Nonse mubwere Lachinayi tidzakuyezeni."

Azakhali, chiyambireni mayi kudwala miyendo, wophika m'nyumba muno ndine. Ndipo pali tinthu toyera timene ndinaona m'chimbudzi changa chaka chatha. Sindinauze munthu. Achimwene amayamikirabe nyemba zanga m'mawa uliwonse.

Kodi simungabwere Lachinayi lisanafike? Sindikufuna kukalowa ndekha kwa adokotala.

Ndine mwana wanu,
Yustina