Lamba wa mafizo ndamupeza pa paipi

Bambo a ana,

Mukadzuka musandifunefune, ndapita kuchipatala ku mafizo, kokawongola bondo langa lija. Munalonjeza kundiperekeza, koma pokugwedezani mwangotembenukira kukhoma. Mukudziwa kuti ndikajomba lero malo anga apatsa wina, ine ndikayambirenso kumapeto kwa mzere. Mayi a nyumba yoyandikanayi ndi amene andigwire mkono mpaka pamsewu.

Lamba wamphira uja anandipatsa adokotala kuti ndizikokera mwendo, ndamupeza. Munamudula pakati n'kumangira paipi yodontha ya kubafa. Masiku onsewa ndakhala ndikumufuna, inu maso ali gwa, n'kumanamizira ana. Tsono adokotala akakandifunsa chifukwa chake bondoli silikupindikabe, ndikawayankhe chiyani? Kuti ndinakwatiwa ndi pulambala?

Pepani, tiyi sindinaphike, mwendo wakana kuima pachitofu. Ana muwasambitse, madzi alipo ambiri, paja paipi munaichiritsa. Pobwera ndikupezeni mukundidikira pamsewu, chifukwa ndikachoka kumeneko bondo limakhala litatupa ndipo masitepe a pakhomo aja sindingakwere ndekha.

M'nyumba muno paipi ikadontha imathandizidwa tsiku lomwelo. Kapena nanenso ndiyambe kudontha?

Mayi a ana anu