Zala za Tadala

Lamlungu, mwezi wa Juni

Kwazizira tsiku lonse, chifunga osachoka m'phiri. Mtima wanga sunakhale m'malo.

Potuluka ku Misa, aNaphiri anandikokera pambali. "Amake Tadala, tipatseniko nambala ya bambo aja anatumiza mwana wanu kusukulu yakunja. Wathu uja fizi ya kuyunivesite yatikanika, ndiye tamva kuti kumeneko n'kotchipa."

Ndinawayankha kuti foni yatha moto.

Dzulo Tadala anaimba pa vidiyo, koyamba chipitireni. Ankalankhula monong'ona atatsamira khoma. Ndikamufunsa za maphunziro, iye ankandifunsa za nyemba zathu. Pasipoti akuti akumusungira a sukulu. Atakweza dzanja kuti akonze tsitsi, ndinaona zala zake, zotuwa, zong'aluka m'mbali mwa zikhadabo. Zala zotere ndimazidziwa. Zanga zinkatero nthawi imene ndinkachapira anthu zovala ku Dedza boma. Cholembera siching'amba khungu choncho.

Kumbuyo kwake kunalira khanda, mayi wina n'kukuwa m'chilankhulo chawo. Tadala anadzambatuka. "Amayi, kalasi yayamba." Foni n'kuduka.

Atate ake sindinawauze. Iwo pamsika wa Chimbiya aliyense wowagula kachewere akumuuza kuti mwana wawo adzabwera ndi digiri.

ANaphiri akuti mawa abwera kunyumba ndi tchaja yawo. Ndikawapatsa nambala, ndawatayitsa mwana. Ndikawauza chifukwa, mudzi wonse umva, bambo ajanso amva, pomwe Tadala ali m'manja mwawo.

Ndikangotsinzina, ndikuona zala zija.