Mphodza Zilibe Mlandu

Ba Mfaume,

Pepani, mwapeza nyumba ili zii. Mphodza zinatsala dzulo zija sindinataye. Ndazikanya ndi anyezi ndi kaufa pang'ono kuti ndikukazingireni bajiya monga amachitira amayi anu. Koma mafuta atangotentha pa mbaula, fungo lake landizunguza mutu, ine thamangu kuseri kukasanza, zoyambazo n'kupserera. Musaseke.

Ba Imelda a nyumba yoyandikana nayo andipeza komweko. Andiyang'anitsitsa, amvekere, "Iwe mwana, mphodza zilibe mlandu. Tenga nsalu, tiye ku kiliniki." Ndiye tapita ku Kabwata.

Zosapserera zili m'mbale yovundikira. Zotsala m'poto mukazinge nokha, moto ukhale wochepa.

Ndakhala ndikufuna kukuuzani, koma mukangondiyang'ana mawu amandithawa. Papepala m'pamene ndimalimba mtima. Ndikuganiza kuti ndili ndi pakati. Ndiye tizidutswa ta nsalu yofewa timene mumasesa pansi pa makina anu osokera tija, musatayenso. Muzibwera nato kunyumba, tikhala ndi wotivala.

Ndikabwera musandifunse pamaso pa anthu, ndingathawe.

Ine wanu,
Kuluthumu